Momwe mungalembere nthano ya dziko lam'tsogolo lopondereza anthu

Nthano zambiri za mtundu umenewu zimafera pa tsamba loyamba. Wolemba amatiikira wolamulira wankhanza, asilikali ovala zakuda, thambo la utsi wokhawokha, kenaka mnyamata wolimba mtima amene anachita kubadwa akudziwa kuti boma ndi loipa. Wowerenga amayamba kudzifunsa kuti, nanga anthu mamiliyoni onsewa anangokhala chete bwanji mpaka zinthu kufika pamenepa? Nthano ikasowa yankho la funso limeneli, buku limatsekedwa. Zimene ndikufotokoza pano ndi njira yoti nthano yanu ikhale nalo yankholo, kuyambira poganiza mpaka pokonza zimene mwalemba.

Nthano zoterezi amazitcha dystopia, ndipo mbiri ya liwuli ikuthandizani. Mu 1516 Thomas More analemba za chilumba chongopeka chomwe zonse zinali m'malo mwake, nachitcha Utopia, liwu lochokera ku Chigiriki lotanthauza malo amene kulibeko. Mu 1868 John Stuart Mill, polankhula m'nyumba ya malamulo ya Britain modzudzula momwe boma linkayendetsera nkhani za Ireland, analitembenuza liwulo kuti linene za malo oipa. Mawu awiriwa ndi mayi ndi mwana. Dziko lopondereza la m'nthano yolembedwa bwino limakhala loto lokoma la munthu wina limene linakwaniritsidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo inu muyenera kulemba mkuyuwo ndi nyerere zomwe.

Choyamba, tolani chinthu chimodzi chomwe chilipo kale

Musathamangire chaka cha 2300 ndi magalimoto ouluka. Tengani kope mulembe zinthu zisanu za lero zimene zimakusowetsani mtendere: makamera ochuluka m'misewu, ngongole zosatha, foni yodziwa kumene munagona dzulo, madzi amene akuchepa, makina olanda anthu ntchito. Mukatero fufutani zinayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nthano yonyamula mantha asanu siopsa ndi chimodzi chomwe.

Chimene chatsalacho chifufuzeni m'mbiri, chifukwa nkhanza zambiri zimene mungapeke zinachitikapo kale kwinakwake. Margaret Atwood anayamba kulemba The Handmaid's Tale mu 1984 ali ku West Berlin, khoma logawa mzindawo lidakalipo, ndipo anadziikira lamulo loti asaikemo nkhanza iliyonse imene anthu sanachitirepo anzawo. Sanasowe potola. Ku Romania, mwachitsanzo, boma la Nicolae Ceaușescu linakhazikitsa lamulo mu 1966 loletsa kuchotsa pakati pofuna kuchulukitsa anthu, ndipo chaka chotsatira ana obadwa anawirikiza pafupifupi kawiri. George Orwell naye, polemba m'buku lake Nineteen Eighty-Four za kalaliki amene ntchito yake ndi kusintha nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zimene boma likunena lero, ankadziwa zimene zinkachitika ku Soviet Union. Kumeneko mkulu wa apolisi achinsinsi, Nikolai Yezhov, atagwa pa udindo n'kuphedwa mu 1940, anamufufuta pa chithunzi chimene anajambulitsa atayima pambali pa mtsogoleri wa dzikolo, Stalin.

Kuti tisamangolankhula m'malere, tiyeni tipange chitsanzo chathuchathu chimene tiyende nacho mpaka kumapeto. Tisankhe tulo. Munthu amagona pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wake, ndipo olemba anthu ntchito ndi akuluakulu a nkhondo akhala akulisirira gawo limeneli. Mu 1940 asilikali a Germany ankapatsidwa mapiritsi mamiliyoni ambiri otchedwa Pervitin kuti ayende usana ndi usiku osawodzera. Mu 1998 dziko la America linavomereza mankhwala a modafinil othandiza anthu amene amangogwidwa tulo masanasana. Muzu wake ulipo kale. Funso lathu likhale lakuti: kodi atapezeka mapiritsi othetseratu tulo, otchipa, ooneka ngati alibe vuto, dziko lingakhale lotani pakatha zaka 40?

Chachiwiri, lembani tsiku limene anthu anavomera

Pano ndi pamene pagona nthano yonse, choncho musafulumirepo. Pa tsamba limodzi, lomwe silidzalowa m'buku, lembani mndandanda wa zaka wosonyeza momwe dziko linatsetserekera kuchoka lero kukafika ku tsogolo lanulo. Lamulo lake ndi limodzi: sitepe iliyonse ikhale yoti munthu wanzeru, wokonda ana ake, akanaivomereza pa nthawiyo.

M'chitsanzo chathu zitha kuyenda motere. Chaka choyamba mapiritsi aja akuperekedwa kwa madokotala ochita opaleshoni ndi oyendetsa ndege, ngozi zachepa, aliyense akuwomba m'manja. Chaka chachisanu ophunzira a mayeso ayamba kuwagula okha, ndipo amene sakumwa akutsalira. Chaka cha 10 makampani sakukakamiza munthu, koma amene amagona akungoona kuti sakukwezedwa pa ntchito. Chaka cha 15 eni nyumba ayamba kumanga nyumba zopanda zipinda zogona, chifukwa zikutsika mtengo. Chaka cha 20 chuma chagwa, ndipo wandale wina akufunsa pa msonkhano chifukwa chake anthu osagona azilipira misonkho yothandiza anthu ongokhalira kuliza mkonono. Chaka cha 25 kugona kukufuna chiphaso cha dokotala. Chaka cha 30 kugona popanda chiphaso ndi mlandu.

Taonani kuti m'mndandandamu mulibe tsiku limene akasinja a nkhondo analowa mumzinda. Walira mvula walira matope; anthu anapempha chinthu chabwino, matope anadza pambuyo. Ray Bradbury anagwiritsa ntchito nzeru yomweyi mu Fahrenheit 451, buku la mu 1953 lonena za ozimitsa moto amene ntchito yawo yasanduka kutentha mabuku. Mkulu wa ozimitsa motowo amafotokoza kuti sizinayambire ku boma: anthu okha ndiwo anayamba kutopa ndi kuwerenga, lamulo linangobwera kudzatseka chitseko chimene anali atachikankha kale. Kwa ine, izi n'zoopsa kuposa wolamulira aliyense wa ndevu zoopsa, chifukwa wowerenga amadzipeza ali m'gulu la ovomera aja.

Ngati pali sitepe imene mukulephera kuifotokoza popanda kunena kuti "basi anthu oipa analanda boma", pamenepo pali dzenje. Likwirireni musanapitirire.

Chachitatu, werengani anthu amene akuyendetsa nkhanzazo

Kupondereza ndi ntchito, ndipo ntchito imafuna antchito, malipiro, mafomu ndi maofesi. Ku East Germany, dziko la anthu pafupifupi 16 miliyoni, bungwe la akazitape la Stasi linali ndi antchito olembedwa oposa 90,000 mu 1989, kuwonjezera apo anthu wamba oposa 170,000 amene ankanena anzawo mobisa. Amenewa sanali zilombo. Anali aneba, anzawo a kuntchito, nthawi zina anthu a m'nyumba imodzi. Ena ankaopa, ena ankafuna kukwezedwa, ena ankakhulupiriradi kuti akuteteza dziko.

Lembani tsopano mayankho a mafunso atatu. Ndani akulemera ndi dongosololi? Ndani akugwira ntchito yonyansa ya tsiku ndi tsiku, ndipo amalandira chiyani? Ndani akuloledwa kuphwanya lamulo mwakachetechete? Funso lachitatuli musalidumphe, chifukwa m'dziko lotere akuluakulu satsatira zimene amalamula. M'chitsanzo chathu, eni fakitale ya mapiritsi ali ndi zipinda za mdima kuseri kwa maofesi awo, momwe amagona maola asanu ndi atatu pa matiresi ofewa. Mtsamiro wasanduka katundu wogulitsidwa mobisa. Alipo makalaliki opereka ziphaso za tulo, alipo oyendera nyumba usiku, alipo aneba amene amatchera khutu ku khoma kuti amve mkonono.

Sankhaninso chingwe chimene dziko lanu limamangira anthu. Chingwe china ndi mantha. Mu 1791 Jeremy Bentham anafalitsa pulani ya ndende yozungulira yokhala ndi nsanja pakati, yoti mkaidi asamadziwe ngati mlonda akumuyang'ana kapena ayi, motero azidzilondera yekha. Yevgeny Zamyatin, mu buku lake We limene linayamba kutuluka m'Chingelezi ku New York mu 1924, anaika anthu m'nyumba za magalasi, ndipo Orwell mu 1949 anaika m'nyumba za mamembala a chipani chipangizo choonetsa zithunzi chimenenso chimaona ndi kumva. Chingwe china ndi chisangalalo. Aldous Huxley, mu Brave New World ya mu 1932, sanafune zikwapu: anthu ake amamwa mankhwala otchedwa soma akangoyamba kumva chisoni, ndipo sapempha ufulu chifukwa saona chimene akusowa. Zingwe ziwirizi mutha kuziluka pamodzi, koma dziwani chimene chili chachikulu. M'dziko lathu la osagona, chachikulu ndi manyazi: palibe amene akufuna kutchedwa waulesi.

Chachinayi, pangani mawu a boma

Ulamuliro wopondereza sutchula zinthu ndi maina ake enieni. Orwell anafika popanga chilankhulo chonse, Newspeak, chimene mawu ake amachepa chaka ndi chaka kuti maganizo ogalukira asowe potulukira. Inu simukufunika kufika pamenepo. Mawu asanu kapena asanu ndi limodzi akwana, ndipo akhale ofatsa, omveka ngati a kuchipatala kapena a mu ofesi. Mu Never Let Me Go, buku la Kazuo Ishiguro la mu 2005, achinyamata oleredwa kuti adzachotsedwe ziwalo sanena kuti mnzawo wamwalira. Liwu limene amagwiritsa ntchito limatanthauza kuti wamaliza.

M'chitsanzo chathu, kugona kungatchedwe kuba nthawi. Ogona ndi otsalira. Malo otsekerako anthu ogwidwa akugona ndi nyumba zotsitsimutsira. Chichewa chili ndi zida zake zabwino pa ntchito imeneyi. Mneni wosatchula wochita amabisa dzanja: "anatengedwa", "anasamutsidwa", "nkhani yake inakonzedwa". Kachilembo ka "ka-" kamachepetsa choopsa: kafunso, kakalata kochokera ku ofesi, kaulendo kakafupi. Apangankhani anu azilankhula mawu amenewa mosaganizira, monga momwe inu mumatchulira zinthu za m'nyumba mwanu. Tsiku limene mmodzi wa iwo adzatchule liwu lenileni, loti "tulo", wowerenga adzalimva kulemera kwake.

Chachisanu, sankhani munthu wa m'kati mwa makinawo

Olemba oyamba kumene amakonda msilikali wa m'tchire wogalukira boma. Vuto lake n'lakuti munthu wotere alibe chophunzira, anadziwa kale zonse. Taonani amene akatswiri anasankha: Winston Smith wa Orwell ndi kalaliki wa mu unduna wonamiza anthu, Guy Montag wa Bradbury ndi wotentha mabuku, D-503 wa Zamyatin ndi injiniya womanga chombo cha boma ndipo poyamba amalinyadira dziko lake. Onsewa manja awo ndi akuda kale, ndipo ntchito yawo imatilowetsa m'zipinda zimene munthu wamba sangalowemo.

Wathu akhale mayi wa zaka za m'ma 30, kalaliki mu ofesi ya ziphaso za tulo. Tsiku lililonse amakana mapempho ambirimbiri ndipo sadziona ngati munthu woipa, amatsatira fomu. Kenaka mpatseni chofuna chaching'ono, chogwirika, chosakhudza ndale n'komwe. Amayi ake okalamba thupi layamba kukana mapiritsi, ndipo usiku wina wawapeza atagona pa mpando, kukamwa kuli yasa, nkhope ili phee monga sanaionepo chibadwire. Iye sakufuna kugwetsa boma. Akungofuna chiphaso chimodzi, ndipo akudziwa bwino kuti amayi akewo sakukwanira pa mfundo za pa fomu, chifukwa fomuyo amaidinda yekha.

Kuchoka apa nkhani imadziyendetsa. Chidindo chimodzi chabodza chikufuna bodza lachiwiri, mnzake wa mu ofesi waona kanthu, neba wamva mkonono. Ndipo tsiku lina, chifukwa cha chidwi chabe, mayiyu asiya kumwa piritsi lake, agona koyamba, alota. Alibe ngakhale liwu lotchulira chimene chamuchitikira.

Chachisanu ndi chimodzi, tsegulani nkhani osaphunzitsa

Mndandanda wa zaka uja ndi wanu, si wa wowerenga. Musayambe ndi ndime yonena kuti m'chaka chakuti dziko linali motere. Yambani ndi tsiku wamba, muike kanthu kamodzi kolakwika, ndipo anthu a m'nkhanimo asadabwe nako. Orwell anachita izi m'chiganizo choyamba chenicheni, momwe mawotchi akugunda ka 13 ndipo palibe wotembenuka. Chathu chitha kuyamba chonchi:

Anamva kuyasamula kukubwera ali pa mzere wa basi, ndipo analuma lilime mpaka kulawa magazi. Bambo amene anali patsogolo pake anacheuka, namuyang'ana m'maso kwa kanthawi, kenaka anasendera kutsogolo pang'ono, osanena kanthu.

M'ziganizo ziwirizi simunatchulidwe lamulo, boma kapena mapiritsi, koma wowerenga wadziwa kale kuti kuno kuyasamula n'koopsa ndipo anthu amaopana okhaokha. Zotsalazo muzimupatsa pang'onopang'ono, kudzera m'zinthu zogwirika: nyumba yopanda bedi, magetsi osazimitsidwa, ana osewera panja 3 koloko usiku, sitolo imene makiyi ake anatayika kalekale chifukwa sitsekedwa. Pa tsamba lililonse dzifunseni ngati mpangankhani wanu angaganizedi zimene mwamulembera. Munthu wobadwira m'dzikomo sangafotokozere mnzake zimene onse awiri akuzidziwa.

Za sayansi ya m'nthanomo ndinene mwachidule. Simukufunika kudziwa kapangidwe ka mapiritsi, koma ikani malire ake ndipo musawasinthe pakati pa nkhani: amagwira ntchito maola angati, chimachitika n'chiyani munthu akadumphitsa tsiku, ndipo thupi limalipira chiyani pakapita zaka. Wowerenga amakhululuka chinthu chosatheka, koma sakhululuka chinthu chimene chimasintha malamulo ake pamene wolemba wapanikizika.

Chachisanu ndi chiwiri, mpatseni wopondereza mpata wolankhula

Nkhani ikamayandikira pampondachimera, mpangankhani wanu akumane ndi munthu amene amalimvetsa dongosololi kuposa iye. Huxley ali ndi Mustapha Mond, Orwell ali ndi O'Brien, Bradbury ali ndi Beatty, ndipo onsewa ndi anthu owerenga, odekha, anzeru kuposa anthu amene iwo akuwaweruza. Ndime imeneyi ndi yovuta kulemba chifukwa imafuna kuti muteteze ndi mtima wonse chinthu chimene mumadana nacho.

Bwana wa ku ofesi wa mayi wathu uja asakalipe. Amukhazike pansi, amuonetse kuti chiyambire mapiritsi njala inatha, zipatala sizitseka, ana osauka akuphunzira maola amene kale ankatayika. Amufunse ngati akufuna kuti zonsezo zibwerere m'mbuyo chifukwa cha gogo mmodzi wofuna kuwodzera. Mukaona kuti inu mwini mwakhala kaye chete kusakasaka yankho, ndiye kuti ndimeyo yapsa. Mayiyo asapambane mtsutsowo ndi mawu. Chimene ali nacho ndi nkhope ija ya amayi ake ali m'tulo, ndipo sangathe kuisandutsa nambala.

Chachisanu ndi chitatu, mathero ndi kukonza

Mathero oti munthu mmodzi waphulitsa fakitale ndipo m'mawa mwake dziko lonse lamasuka amanyoza ntchito yonse imene munagwira pomanga dzikolo. Ngati dongosolo linatenga zaka 30 kuti lizike mizu, silingazulidwe Lachinayi masana. Koma sikuti mathero ayenera kukhala mdima wokhawokha. Orwell anamugonjetseratu Winston, komabe kumapeto kwa buku anaikako gawo lofotokoza Newspeak ngati chinthu chakale, ndipo owerenga ambiri amatengerapo kuti ulamulirowo unadzatha. Atwood anatseka ndi msonkhano wa akatswiri a mbiri wa m'chaka cha 2195, akukambirana za Gilead, dziko lopondereza la m'buku lakelo, litagwa kalekale, ena mpaka akuchita nthabwala. Njira ina ndi kupambana kwakung'ono kolipiridwa modula: gogo uja agona usiku wake womaliza pa mtsamiro weniweni, mwana wake n'kutengedwa m'mawa. Sankhani mathero amene akuyankha chofuna chaching'ono chija, osati amene akukonza dziko lonse.

Mukamaliza kulemba, isiyeni nkhaniyo masabata awiri osaitsegula. Pobwerera, tengani cholembera chofiira mudule ndime iliyonse imene wolemba akulalikira, makamaka pamene pali mawu oti ufulu, chilungamo kapena nkhanza. Ngati zochitikazo sizinaonetse zimenezi, mawuwo sangazipulumutse. Yang'ananinso ngati pali msilikali kapena kalaliki mmodzi amene mwamupatsa kanthu ka umunthu, kaya chifuwa chosatha kapena mwana wodwala kunyumba. Fufuzani ngati anthu a m'dziko lanu amaseka, chifukwa ngakhale m'maiko opondereza kwambiri nthabwala zonyoza boma zimayenda monong'onezana, ndipo nthano yopanda nthabwala ngakhale imodzi imamveka yabodza.

Pomaliza perekani nkhaniyo kwa anthu awiri amene sakuopani, ndipo musawafunse ngati yawasangalatsa. Afunseni kuti, akanabadwira m'dziko limeneli, akanakhala akugwira ntchito yanji, ndipo akanayamba kumwa mapiritsi chaka chiti. Akayankha mofulumira kuti iwo sakanamwa n'komwe, bwererani ku mndandanda wa zaka uja, mupeze sitepe imene siikukopa mokwanira, muilembenso.